Asilikali a m'Chitini cha Mabisiketi

Ndinayamba kupenta tizidole ta asilikali ndili wamkulu kale, ndikugwira ntchito yosamalira okalamba ku Barking, m'dziko la azungu. Amene anandiyambitsa ndi bambo ena achikulire omwe ndinkawatchula kuti amalume, ngakhale panalibe chibale. Anabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe, koma bambo awo anali ochokera ku Dedza. Tinadziwana kutchalitchi. Anandimva ndikuyankha foni m'Chichewa panja pa khomo, ndipo nditamaliza anandigwira mkono.

"Iwe ndiwe mphwanga," anatero. "Usakane, ndanena kale."

Sindinakane. Ine kukana munthu wamkulu sindinkakudziwa n'komwe.

Ankakhala ku Thamesmead, m'nyumba zosanjikizana zija, ndi akazi awo omwe anali namwino. Iwowa ndinkawatchula kuti anti. Barking ndi Thamesmead n'zoyang'anana, koma pakati pali mtsinje, ndiye ulendo wake ndi wozungulira: sitima, kenako basi yoima paliponse. Ndinkapita tsiku lililonse limene sindinali pa shifiti. Ndinkadya, kutsuka mbale, kenako n'kukhala pa kampando pafupi ndi zenera, pamene panali tebulo la amalume.

Pa tebulopo panali timabotolo ta penti tochepa ngati chivindikiro cha thamosi ya tiyi, maburashi oonda, kapu ya madzi, kambale kakale koyera, ndi nyali yopindika khosi. Tiasilikali tawo tinali tatifupi kuposa chala chaching'ono, koma tinali ndi chilichonse: matumba, malamba, zingwe za nsapato, ngakhale makwinya a pa malaya. Loweruka ankatinyamula kupita nato ku holo ya m'deralo, kumene kunkakumana kalabu yawo. Kumeneko anthu ankayala nsalu zobiriwira pa matebulo, n'kuikapo mapiri a siponji ndi timitengo, n'kumamenyana nkhondo pogwiritsa ntchito madayisi ndi tepi yoyezera. Wina akaponya madayisi n'kumugwera bwino, mnzake ankachotsa msilikali wake pa tebulo akudandaula ngati wafa weniweni.

"Anzawo akugula malo kumudzi," anti ankatero akudutsa ndi zochapa, "awa akugula mapiri a siponji."

"Phiri langa silikokoloka," amalume ankayankha osatembenuka. "Funsa achimwene ako za munda wawo."

Ine ndinkangoonerera. Ndimo mmene ndinaleredwera. Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo ananditenga ndi agogo, mayi a mayi anga, ku Ndirande. Agogo ankakolopa m'maofesi m'tauni, ankabwera atatopa, ndipo analibe nthawi yofotokoza zinthu. Ukawafunsa kuti batani amasoka bwanji, ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Dzulo pamene ndimasoka, maso unawabwereketsa ndani?" Sanali ankhanza. Usiku ankandifunditsa bulangete lawo iwo n'kufunda chitenje. Koma kwa iwo funso linali umboni woti sunali kuyang'ana. Choncho ndinaphunzira kusita, kusoka, kukonza chingwe cha nyali, zonse mwakachetechete, nditaima chapambali.

Chinthu china chimene ndinatengera kwa iwo ndi kudana ndi zothira madzi. M'mawa kunkabwera bambo wogulitsa mkaka pa njinga. Agogo ankadontheza dontho limodzi pa chikhadabo cha chala chachikulu. Dontho likaima, ankagula. Likayenderera, ankabweza mkakawo, n'kumuuza bamboyo kuti madzi tili nawo kale pa mpopi. Anali otero ndi parafini, ndi thobwa, ndi laimu wopaka khoma pa Khirisimasi. Chimene ukupatsa munthu amene umamulemekeza chizikhala chokhathamira.

Ndiye kwa miyezi yambiri ndinakhala pambali pa amalume, burashi osaigwira. Ndinkaona zonse, kapena ndinkaganiza choncho. Ndinkaona akuviika burashi m'kapu ya madzi, kenako mu penti, kenako akuizunguza pa kambale, kenako akuikhudzitsa pa chala chawo chachikulu, n'kumapita nayo pa kamsilikali. Ndinkati m'kapumo akutsuka burashi, pa kambalepo ndi pa chalapo akuipukuta. Chala chawocho chinkakhala ndi mitundu yonse, ndipo anti ankawaletsa kugwira makatani.

Kenako maso awo anayamba kuchita ng'ala. Poyamba ankaimba mlandu nyali. Anagula ina yowala kwambiri, kenako galasi lokulitsa zinthu, koma ndinkaona burashi ikuphonya, ikupaka chobiriwira pa dzanja la msilikali iwo osazindikira. Kuchipatala anawauza kuti adikire opaleshoni, ndipo mndandanda wa odikira unali wautali.

Tsiku lina masana, titatha kudya, anatulutsa chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati. M'kati munali tiasilikali tachitsulo tokulungidwa m'tishu, tosapenta, totuwa ngati supuni yakale. Tinali ndi zipewa zopinda mbali imodzi, mfuti ndi zikwanje m'chiuno. Nkhope zake zinali zathu, mphuno ndi milomo yathu.

"Awa ndi anyamata a kwathu amene anapita ku Burma pa nkhondo yachiwiri ija," anatero. "Bambo anga anali m'gulumo asanapite kukagwira ntchito m'mafamu. Sankaikamba nkhaniyo. Chithunzi chawo ali m'yunifomu ndilibe. Ndili ndi awa basi."

Anatigula kalekale kwa mkulu wina amene ankatiumba yekha, ndipo mkuluyo anasiya ntchitoyo. Zaka zonsezo amalume ankatisunga, akuti akudikira kuti dzanja lawo likhwime. Dzanja linakhwima, maso n'kuthawa. Tsopano a ku kalabu anali atakonza nkhondo yaikulu ya m'nkhalango, matebulo olumikiza, ndipo anawapempha kuti abweretse asilikali awo a ku Africa adzateteze powolokera mtsinje. Lamulo la tsikulo linali limodzi: chosapenta sichikwera pa tebulo.

"Waonerera mokwanira, mphwanga. Tenga, ukawapente. Ndikufuna akaime pa tebulo paja ali ndi nkhope zawo."

Anandiikira timabotolo ta penti ndi maburashi m'thumba la pulasitiki. Pakhomo anandifunsa kuti, "Pali funso?"

"Ayi, amalume."

Mafunso ndinali nawo. Koma kufunsa kukanakhala ngati kuwauza kuti miyezi yonse ija ndinkangodya chakudya chawo maso ali kwina.

Ku Barking ndinkakhala m'chipinda chimodzi, m'nyumba imene tinkagawana khitchini anthu a mayiko osiyanasiyana. Ndinayala nyuzipepala pa bolodi yositira zovala n'kuyamba. Zoyambirira ndinazichita bwino, chifukwa zimaoneka ndi maso. Ndinatsuka tiasilikalito ndi sopo wa mbale kuti tichoke mafuta. Ndinapala ndi kampeni timizere totsala pamene chikombole chinalumikizana. Ndinamata kamsilikali kalikonse ndi guluu pa washala, kachitsulo kozungulira kaphanthiphanthi, kuti kaziima. Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mabini, ndinatiika pa katoni n'kutipopera penti yoyamba yotuwa, chitini chili patali monga ankachitira amalume. Titauma tinali tokongola kuposa kale. Ndinkaona ngakhale timabatani ta pa matumba.

Kenako ndinatsegula penti yobiriwira ya yunifomu. Ndinaika kapu ya madzi pambali, yotsukira basi, ndipo ndikatsuka burashi ndinkaiumitsa bwinobwino pa tishu kuti dontho lisalowe mu penti. Awa anali anzawo a bambo a amalume. Sindikanawapatsa zosukuluka. Ndinkatunga penti m'botolo momwemo, yokhathamira ngati phala, n'kupaka. Pamene panaoneka mikwasa ya burashi ndinawonjezera ina kuti pasalale. Pa nkhope ndinachita chimodzimodzi ndi penti yofiirira, mosamala kwambiri, mpweya nditaugwira.

Ndinatisiya pa zenera n'kupita ku shifiti. Pobwera ndinapeza titauma. Matumba anali atasowa. Malamba anali atamira m'malaya. Nkhope zinali zosalala ngati nthudza, zopanda mphuno, zopanda pakamwa. Tinali ngati mandasi ovala zipewa. Ndinayesa kujambula mphuno pamwamba ndi penti ina, zinangoipiraipira.

M'basi yopita ku Thamesmead chitini chinali pa miyendo panga, ndipo maganizo ena anandibwerera. Amalume saona bwino. Mwina angoona zobiriwira ndi zofiirira n'kuthokoza. Koma ku holo kuja kunali anthu a maso abwino, amene adzanyamula kamsilikali n'kukabweretsa pafupi ndi mphuno, monga amachitira onse a masewerawa, amalume ataima pomwepo akunyadira. Ndinatsika pa siteji yanga n'kukwera masitepe.

Amalume anatsegula chitini pa tebulo la pa zenera. Anatola kamodzi, n'kukayandikitsa ku nyali, n'kukaikanso pansi pa galasi. Kenako anatsinzina n'kuyendetsa chala chachikulu pa nkhope yake, pang'onopang'ono.

"Mphwanga," anatero, "anthuwa analumidwa ndi njuchi?"

Anti anabwera kuchokera kukhitchini akupukuta manja, nasuzumira m'chitinimo. "Eee, koma ku Barking amadya bwino! Anapita owonda, abwera mabwana."

Anaseka okha. Amalume anali akutola kamodzikamodzi, kalikonse akukasisita pa nkhope, n'kukaika pa mzere. Sanakalipe. Zikanandipepukira akanakalipa.

"Madzi unathira ochuluka bwanji?"

"Sindinathire."

"Olo dontho?"

"Ayi. Ndi a bambo anu. Sindikanawathirira madzi."

Anti anasiya kuseka. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana amuna awo. "Mwamva?" anatero. "Mwanayu wakulemekezani, ndiye ulemu wake ndi umenewu. Inunso miyezi yonseyi munamuuzapo chiyani? Mumangong'ung'udza nyimbo za kwaya."

"Amaona ndikuviika m'madzi!"

"Ndinkati mukutsuka burashi," ndinatero.

Amalume anayamba kuseka, kuseka kochokera pansi mpaka kutsokomola, anti n'kuwamenya pamsana. Atapuma anakoka kambale koyera kaja. "Bwera kuno. Khala apa, osati apo pa alendo." Anadontheza penti pa kambale, naviika burashi m'madzi, n'kusakaniza. Kenako anandigwira dzanja n'kupaka pa chikhadabo changa. Pentiyo inayenderera, chikhadabo chikuonekera pansi pake.

"Izikhala ngati mkaka. Ikamayenda chonchi ndiye yakhala bwino. Ukapaka koyamba imaoneka yonyansa, yamawangamawanga. Usachite mantha, usawonjezere. Dikira iume, upakenso. Kawiri, katatu. Mtundu umabwera, mphuno n'kukhala pomwepo."

Ndinawauza kuti kwa agogo mkaka woyenderera pa chikhadabo unkabwerera pa njinga.

"Pa mkaka agogo ako analondola," anatero. "Koma pa tebulo lino wakuba ndi amene sathira madzi. Taona, waba mphuno za gulu lonse."

Ndinayang'ana mzere wa mandasi uja. Loweruka la nkhondo linali litayandikira, ndipo ena otere kunalibe kogula. Ndinamva mawu anga akutuluka, aang'ono ngati a mwana.

"Amalume, kodi pentiyi ingachoke?"

"Anti ako amve, wafunsa funso! Lembani pa kalendala."

"Musiyeni mwana," anti anatero, ali kale panjira yopita kubafa. Anabwera ndi botolo la mankhwala ofiirira otsukira mabala, aja amene sasowa m'nyumba ya namwino. Amalume anati tikanakhala tapulasitiki akanada nkhawa, koma chitsulo chimapirira. Tinatiika tonse m'botolo la jamu, n'kuthira mankhwalawo mpaka zipewa zitamira, n'kutseka. Nyumba yonse inanunkha ngati wodi ya kuchipatala.

Nditabweranso, pentiyo inali itafewa n'kuchita makwinya. Ndinavala magolovesi a anti, n'kutenga mswachi wakale, n'kuyamba kukwecha pa sinki. Inkasupuka ngati khungu la tomato wothiridwa madzi otentha. Mphuno inatulukira, kenako ina. M'makona ndinkatokosa ndi kamtengo kotokosera m'mano. Kamodzi kokha, ka sajeni wokweza dzanja, penti inakakamira m'mbali mwa mphuno ndipo inakana kuchoka. Amalume anati ndikasiye ndisanakakande nkhope.

Kuchokera apo sindinapentenso ku Barking. Ndinasinthana mashifiti ndi mnzanga wa ku Zambia, amene anandiseka kwambiri atamva chifukwa chake, ndipo masana onse amene ndinapeza ndinkakhala pa mpando wa amalume, iwo ali pa kampando kanga kaja. Ine ndinali ndi maso, iwo anali ndi zonse zotsala. Panalibenso njira ina koma kuyankhula.

"Pali kamzere apa kochoka pa phewa kupita m'chiuno. N'chiyani?"

"Lamba wa chikwama. Kaki wotuwa. Usamupake panopa, yamba malaya."

"Nanga ichi chapamsana?"

"Botolo la madzi. Waona, ngakhale iwo ankadziwa kufunika kwa madzi."

Tsiku loyamba funso lililonse linkandilemera. Pofika tsiku lachitatu anti anati ndikulongolola ngati wailesi. Ndinaphunzira kuti burashi suiviika yonse, nsonga yokha. Ndinaphunzira kugunditsa zigongono pa tebulo ndi kukhudzitsa manja awiri kuti akanjenjemera anjenjemerere limodzi. Ndinaphunzira za penti ina yakuda yamadzimadzi, imene umaipaka pamwamba pa zonse, iyo n'kuthamangira yokha m'makwinya, malaya n'kuoneka ngati avalidwadi. Nthawi yoyamba imene ndinaiona ikuchita zimenezo ndinafuula, amalume n'kufunsa ngati ndadzicheka.

Pa khungu ndi pamene anali okhwima. Anati penti imene m'masitolo amaitcha ya khungu ndi ya khungu la eni dziko, ndiye yawo ankasakaniza okha: yofiirira yakuda, kadontho ka yofiira, ndi madzi. Pamwamba pake, yowalirapo pang'ono pa mphuno, pa masaya ndi pa chipumi.

"Maso ndipente bwanji?"

"Usayerekeze. Ukapenta maso adzaoneka ngati aona mzukwa. Munthu ali patali sumuona maso, umaona mthunzi wa chipewa."

Nthawi inatithera. M'mawa wa Loweruka lija ena anali ndi nsapato zopakidwa kamodzi kokha, ndipo mchenga umene tinamata pa mawashala unali usanaume bwino. Tinatiika m'chitini n'kukwera basi, amalume atavala jekete la kutchalitchi.

Woyang'anira masewera tsikulo anali mayi wina wachizungu wopuma pa ntchito, wa tsitsi loyera lalifupi, amene ankadziwana ndi amalume kwa zaka zambiri. Anatsegula chitini, natola sajeni uja, n'kumubweretsa pafupi ndi nkhope yake. Ine ndinaima kumbuyo kwa amalume manja ali m'matumba. Mayiyo anamutembenuza uku ndi uku, kenako ananunkhiza, n'kuseka. Anati fungo limenelo amalidziwa, aliyense m'holomo anayamba wasambitsapo asilikali ake m'mankhwala amenewo. Anafunsa amene wapenta.

"Mphwanga uyu," amalume anatero m'Chingerezi, akundikokera kutsogolo. "Ndi oyamba ake."

Mayiyo anati nkhope zili bwino, nsapato ndidzamalize, ndipo anatilozera mbali ya tebulo pamene panali mtsinje wa pulasitiki yabuluu.

Amalume sankatha kuwerenga madayisi kapena manambala a pa tepi, ndiye ndinakhala pambali pawo kuwayezera ndi kuwawerengera. Iwo ankalamula, ine n'kusuntha. Anaika anyamata awo m'timitengo tapafupi ndi powolokera n'kudikira. Mdani wawo anali bambo wina woyendetsa basi, wandevu, amene ankapsompsona madayisi asanaponye. Anabwera ndi gulu lalikulu kawiri, kawiri konse n'kubwezedwa. Amalume ankayankhula ndi asilikali awo m'Chichewa chawo cha pa famu chosakaniza ndi Chishona, kuwauza kuti agone pansi, asaombe msanga, ndipo anthu a matebulo ena anabwera kudzaonerera. Ulendo wachitatu madayisi anatitembenukira. Ndinachotsa anyamata athu mmodzimmodzi n'kuwagoneka m'chitini. Powolokera panalandidwa chakumadzulo, koma mochedwa moti mbali yathu inali itapambana kale kwina. Wandevu uja anagwira amalume chanza kwa nthawi yaitali. M'basi pobwerera amalume anagona, chitini atachikumbatira.

Opaleshoni inachitika patapita miyezi ingapo, nyengo yozizira itayamba. Diso litapola ndinapita kukawaona. Ndinawapeza pa zenera, chitini chili chotsegula, asilikali ali pa mzere pansi pa nyali. Aka kanali koyamba kuti amalume awaone asilikaliwo bwinobwino.

"Khala pansi, mphwanga," anatero. "Ndikanadziwa, kuchipatala kuja sindikanapita. Uyu lamba wake wakwera pa khosi. Uyu dzanja lina n'lobiriwira. Uyu ndiye nsapato wavala za anthu awiri. Nanga sajeniyu, mphuno yonseyi ndi yake yekha?"

"Ndi uja penti inakana kuchoka."

"Musamunyoze," anti anatero ali kukhitchini. "Akufanana ndi inu."

Panthawiyo dzanja langa linali litazolowera, ndinali nditagula maburashi anga ndi tiasilikali tanga tapulasitiki, ndipo zolakwika zonse zimene ankatchulazo ndinkaziona kuposa iwo. Ndinati ndiwatenge ndikawaviikenso m'mankhwala, ndiyambirenso, ulendo uno adzatuluka bwino.

Amalume anatola sajeni, namuyang'ana kwa kanthawi, n'kumukulunga m'tishu yake. Anakulunga enawo mmodzimmodzi, osafulumira.

"Asiye," anatero akutseka chitini. "Amenya kale nkhondo awa. Tulutsa akowo tione ngati ali ndi mphuno."